Zomwe ndikuona pa windo la okala yanga chigwereni kwacha

A boma akafuna kudziwa momwe mabanja akugwiritsira ntchito ndalama, amatumiza anyamata ndi atsikana a ku National Statistical Office ya ku Zomba kuti ayende khomo ndi khomo ndi mafunso awo. Ine sindifunsa munthu. Ndili ndi okala ku Area 23 kuno ku Lilongwe, kachipinda kamodzi kolumikizana ndi nyumba yomwe timachita lendi, ndipo anthu amabwera okha kudzandionetsa za m'matumba mwawo pa windo. Mwana akatumidwa madzulo, ndimadziwa zomwe kwawo agonere. Mayi akaloza chinthu, n'kufunsa mtengo, n'kunena kuti "ndibweranso amayi", ndimadziwa kuti sabweranso, ndipo mawa tikakumana pa mpopi nkhaniyo sitiikhudza.

Chimene chimandizunguza mutu ndikamawerengera usiku n'chakuti ndalama m'kabati zachuluka kuposa kale lonse. K5,000 itangotuluka mu 2022 munthu ankachita kupepesa poipereka, kuopa kuti ndilibe chenje. Lero mwana wa sitandade 3 amabwera nayo m'manja kudzagula sopo ndi mchere. Koma katundu wotuluka pa windo wachepa. Anthu akulipira zambiri, akunyamula zochepa, ndipo ine ndikapita kokaoda ndi ndalama zooneka zambirizo ndimabwerako ndi katoni yopepuka kuposa ya mwezi watha.

Zinayamba pang'onopang'ono. Mu Meyi 2022 Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 25 peresenti, nthawi yomwe nkhondo ya ku Ukraine inali itakweza kale feteleza, tirigu ndi mafuta ophikira. Tinadandaula, tinazolowera. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi miyoyo ya anthu kummwera. Kenako Novembala 2023, kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Dola yomwe inali cha m'ma K1,180 inafika pa K1,700, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Sabata imeneyo kumashopu komwe timaoda ankafufuta mitengo m'mawa, masana n'kufufutanso, ndipo ena anangotseka kaye zitseko. Pofika Januwale 2024 mitengo ya zinthu inali itakwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho, ya chakudya yokha kupitirira 40. Mvula nayo inadula pakati pa dzinja, chimanga chinapserera chili chiimire, mpaka mu Malichi 2024 Pulezidenti Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa anakwezedwa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Zomveka bwino pa wailesi. Koma kumayambiriro kwa 2025 thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 linali litayandikira K100,000 m'misika ina. Mlonda wochezera pa geti ya bwana mwezi wathunthu, malipiro ake osakwana thumba.

Banja silidula zinthu zonse mofanana. Pali ndondomeko yake, ndipo ngakhale palibe amene anakhalirana pansi, nyumba zambiri za kuno zaitsata chimodzimodzi. Choyamba kuchoka ndi zopaka pa buledi ndi mkaka wa mu tiyi. Majarini anandikhalira pa shelefu mpaka kusungunuka ndi kutentha kwa Okutobala, ndipo ndinasiya kuoda. Kenako Sobo, amene kale botolo lake silinkasowa m'nyumba ya munthu wa pa ntchito. Kenako buledi weniweniyo. Tirigu wathu amachokera kunja, ndiye dola ikakwera lero buledi amakwera mawa lake. M'mawa tsopano ndi mbatata ikakhala nyengo yake, chinangwa, kapena phala la mgaiwa lothira mchere. Amayi a mandasi anayamba ndi kuchepetsa mandasiwo, anthu atasiya kudandaula anakweza ndi mtengo womwe.

Pa ndiwo ndiye pali nkhani. Nyama ya ng'ombe inasanduka ya tsiku lolandira. Nkhuku yathunthu anthu anaisiya n'kuyamba kugula zidutswa, kenako mitu, makosi ndi mapazi. Chambo sititchula n'komwe. Chimene chakwera malonda pa okala yanga ndi soya pisi, ndipo kumsika ndi bonya, amene kale anthu ena ankamunyoza kuti ndi wa amphaka. Masiku ano mulu wa bonya nawo ukuchepa uku ukuuyang'ana. Ndimamva anthu ena ophunzira akulangiza pa wailesi kuti tizidya nyemba poti n'zopatsa thanzi komanso zotsikirapo mtengo. Olankhula zimenezo sagula makala. Mphika wa nyemba umadya makala ochuluka kuposa ndiwo ina iliyonse, ndipo makala akwera pamodzi ndi zonsezi. Mayi amawerengera ndiwo ndi moto wake womwe. Soya pisi amapsa madzi a nsima asanatenthe, n'chifukwa chake wapambana. Amene akuphikabe nyemba amaziviika usiku, kapena amagwirizana ndi aneba kuphikira pa mbaula imodzi.

Ngakhale nsima yasintha nkhope. Ndinakula ndikumva kuti mgaiwa ndi wa ana a sukulu zogonera konko ndi akaidi, mlendo sungamuikire. Kukonola kumachotsa gaga wambiri, komanso kuchigayo umalipira kawiri, kukonoletsa ndi kugayitsa. Lero ndowa ikapita kuchigayo imabwera yonse ili mgaiwa, ndipo mayi yemwe ankanyoza uja ndi amene akukuuza kuti achipatala amati mgaiwa ndiwo wabwino m'thupi. N'zoonadi, koma si achipatala amene anamutembenuza mtima. M'nyumba zina nkhomaliro inachotsedwa mwakachetechete. Amaphika kamodzi dzuwa litapendeka, ana atabwerako kusukulu, kuti chakudya chimodzi chiimire ziwiri. Ndipo mukafunsa amene amadya pomalizira, kapena kunena kuti "ine ndadya kale kwa anzanga", yankho mukulidziwa.

Mwana wanga wamkulu, amene akuphunzira za chuma kusukulu ya ukachenjede, anandiuza kuti zimenezi zinalembedwa kalekale ndi Mjeremani wina dzina lake Ernst Engel mu 1857: banja likamasauka, gawo la ndalama lopita ku chakudya limakula. Ndinamuyankha kuti agogo ake ankadziwa zimenezo osapita ku Germany. Komabe mfundoyo ndi yolemera. Kuno chakudya chinkatenga kale pafupifupi theka la zomwe banja limagwiritsa ntchito. Chikakwera ndi 40 peresenti malipiro ali pomwepo, palibe kothawira. Zovala, mipando, mankhwala, ulendo wa kumudzi, zonse zimafinyidwa kuti mphika ukhale pamoto.

Tsopano ndinene za ntchito yanga, chifukwa apa ndiye pamandiwawa. Kale ndinkagulitsa paketi ya shuga yathunthu, botolo la mafuta, mtanda wa sopo. Lero theka la tsiku langa limathera kutapa. Shuga ndimamuika m'timapepala ta pulasitiki ta tiyi wa m'mawa umodzi. Mafuta ndimathira m'timachubu ta ndiwo imodzi. Sopo ndimadula ndi mpeni zidutswa zidutswa. Ufa ndi wokumeni, kathumba ka nsima ya usiku umodzi. Anthu amandithokoza, amati ndikuwaganizira. Koma ine ndimadziwa masamu ake. Paketi ya shuga ndikaitapa yonse imandibweretsera ndalama zambiri kuposa ndikaigulitsa yathunthu. Munthu wogula wokumeni tsiku ndi tsiku, pakutha pa mwezi walipira thumba lake modula kuposa bwana wa ku Area 10 amene anagula matumba khumi nthawi yokolola n'kuthira mankhwala. Wosauka ndi amene amagula zinthu modula m'dziko muno. Ena amati ndi kusaganiza, bwanji osasonkhanitsa n'kugula chachikulu. Asonkhanitsa chiyani munthu wa ganyu amene walandira madzulo ano, ana akumudikira? Ndalama yake imabwera modontha, ndiye imatulukanso modontha. Ine ndili pakati, ndimapezerapo phindu, ndipo sindinganame kuti ndisiya, chifukwa nanenso alandilodi amandigogodera pa 1.

Pamene shuga anasowa m'mashopu mu 2024, anthu akuima pa mizere kulimbirana shuga wolimidwa konkuno ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndinaona chinthu china. Mabanja ena anangosiyiratu tiyi, ndipo shuga atabwerera iwo sanabwerere. Chizolowezi chikachoka m'nyumba nthawi ya mavuto, sichibwerera chifukwa choti katundu wapezeka.

Pali zinthu zomwe sizikudulidwa, ndipo zimandiphunzitsa zambiri kuposa zodulidwazo. Fizi ndi yoyamba. Ndaona makolo akuchotsa mwana kusukulu ya pulaiveti yodula kumupititsa ku yotsikirapo, kapena ku ya boma komwe kalasi imodzi imadzaza mpaka pakhomo, koma kumusiyitsa sukulu ndi chinthu chomalizira. Mayi amagulitsa firiji kuti mwana alembe mayeso a Fomu 4. Chachiwiri ndi foni. Munthu amene wakana kugula dzira amagula mayunitsi. Poyamba ndinkaona ngati n'kupusa, koma foni ndi momwe ganyu amabwerera, ndi momwe achimwene a ku Johannesburg amatumizira kangachepe, ndi momwe Airtel Money ndi Mpamba zimayendera. Kuzimitsa foni n'kudzitsekera khomo. Chomwe chasintha n'chakuti bando ya mwezi anthu anaisiya, akugula ya tsiku, yomwenso pamapeto pake imatuluka yodula. Magetsi chimodzimodzi: mayunitsi a ESCOM akugulidwa pang'onopang'ono, oyatsira mababu ndi kutchajira foni basi. Kuka ndi ayironi zinapumitsidwa.

Chachitatu ndi maliro. Mbale ya chipepeso ikamayenda palibe amene amaibweza chimanjamanja, ngakhale amene usiku wapitawo wagona ndi njala. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo m'tauni muno, momwe ambiri tilibe inshulansi, mbale imeneyo ndiyo inshulansi yathu. Koma malirowo nawo achepa thupi. Kutenga mtembo kuchoka ku Lilongwe kupita nawo ku Mzimba kapena ku Thyolo, makamaka miyezi ija ya kumapeto kwa 2024 pomwe galimoto zinkagona pa mizere ya mafuta, kunakhala chinthu choti mabanja ena analephera, n'kuika m'bale wawo m'tauni momwe muno mitima ikuwawa. Ukwati ndiye wasanduka sewero la ndalama zing'onozing'ono. Pa perekaniperekani munthu amasinthitsa K2,000 kukhala ma K50 ndi ma K100 kuti avine nthawi yaitali akuponya. Owerengera ndalama amatuluka thukuta, mulu waukulu, koma osakwana kulipira holo.

Za abambo ndinenepo pang'ono, ngakhale bambo a ana anga akawerenga adzati ndayamba. Mowa sunadulidwe, unangotsika kalasi. Wa m'botolo anasamukira ku Chibuku, wa Chibuku anasamukira ku kachasu. Ndipo pali chilombo chatsopano, kubetcha mpira pa foni. Mnyamata amene wandipempha ngongole ya sopo ndimamupeza akutsutsana ndi anzake za timu ya ku England yomwe yamudyera K1,000. Sindimuweruza kwambiri. Munthu akaona kuti ndalama yake singagule chilichonse chooneka, amayamba kugula chiyembekezo. Koma ngongole ya sopo ndimamukaniza.

Buku langa la ngongole ndilo limanena zoona kuposa nyuzipepala. Kale linkatsegulidwa mwezi ukapita kumapeto, ndipo olembedwamo anali a maganyu ndi amayi amasiye. Tsopano limatsegulidwa mwezi usanafike n'pakati pomwe, ndipo muli aphunzitsi, anamwino, apolisi. Amabwera kukada, kapena amatuma mwana ndi kakalata kopindidwa. Malipiro akalowa, ngongole yakubanki yadula kale yake, ndipo chiwongoladzanja si chamasewera poti Reserve Bank inakweza chake kufika pa 26 peresenti mu 2024. Wakatapila ali pa geti. Banki nkhonde ikudikira Loweruka. Zotsala zimabwera kwa ine, kubweza za mwezi watha kuti atsegule tsamba latsopano. Anthu akudya malipiro a mwezi wamawa. A Centre for Social Concern ku Kanengo akhala akuwerengera kwa zaka zambiri ndalama zomwe banja la m'tauni limafunika kuti lipeze zofunika zenizeni pamwezi, ndipo nthawi zonse chiwerengero chawo chimakhala kutali pamwamba pa malipiro a anthu wamba. Mpata umenewo umatsekedwa ndi mabuku onga langali. Vuto n'lakuti wondibweza mwezi wamawa amandibweza ndalama yomwe yaonda kale, pamene kokaoda sandipatsa pa ngongole.

Njira ya pakati pa tauni ndi mudzi nayo yatembenuka. Ife tinakula tikudziwa kuti wa m'tauni ndiye amatumiza: shuga, sopo, chitenje cha amayi pa Khirisimasi, ndalama ya feteleza mu Novembala. Lero pa depoti mukuona matumba a ufa, nyemba ndi mtedza akutsika m'mabasi kuchokera kumudzi kudzapulumutsa a m'tauni. Apongozi anga ku Dedza ankalandira kanthu mwezi uliwonse. Pano amalandira pakakhala matenda, ndipo bambo a ana akamaimba foni amayamba ndi kupepesa. Feteleza wotsika mtengo wa boma wa AIP, yemwe anali pa K15,000, ankafikira ochepa, wa m'shopu thumba linadutsa K100,000. Ndiye mwana wa m'tauni akalephera kutumiza ya feteleza, kumudzi amakolola zochepa, ndipo ufa wobwera m'tauni chaka chotsatira umachepanso. Anzanga ambiri a m'tauni abwereka minda ku Mitundu ndi ku Nathenje, Loweruka ali ndi khasu. Kuseri kwa nyumba iliyonse kuno kuli kadimba ka mpiru ndi chibwabwa, pomwe kale panali maluwa.

Chimene anthu sachiona msanga n'chakuti chilichonse chomwe banja ladula chinali malipiro a munthu wina. Aphunzitsi aja atachotsa mtsikana wantchito, mtsikanayo anabwerera kumudzi, ndipo amayi ake anataya ndalama yomwe ankawatumizira. Telala wa pakhonde la golosale yoyandikana nane masiku ano amangosoka zigamba ndi kusintha mazipi. Diresi latsopano amalisoka pa Khirisimasi ndi pa zinkhoswe. Yendani ku Area 36 kapena ku Chinsapo muone nyumba zomwe zinaima pa windo, udzu ukumera m'zipinda, chifukwa simenti ndi malata zinathawa. Nyumba iliyonse yoimayo ndi mmisiri wopanda ntchito, ndi wothandizira wake, ndi mayi amene ankawagulitsa thobwa. Anthu akuyenda wapansi kuchoka kuno kukafika m'tauni, kondakitala wa minibasi akuitanira mpaka mawu kusasa. Ngakhale kaunjika, yemwe anali pothawira pathu tonse, anakwera chifukwa mabelo amagulidwa ndi dola, ndipo dola yeniyeni imapezeka pa msika wakuda pa mtengo woposa kawiri wa kubanki. Mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za mitengo ya mabelo. Wogulitsa kukachita zionetsero chifukwa katundu wake wadula, ndiye kuti ogula anatha kalekale.

Ndipo onse ochotsedwa ntchitowo, pamodzi ndi amene ali pa ntchito koma malipiro sakuwakwana, akuthamangira kumodzi: geni. Mumsewu wathu wokha, mabenchi a tomato, makala a m'timapepala, zitumbuwa ndi mafirizesi achuluka moti pena ndimadzifunsa kuti wogula ndani. Tsegulani WhatsApp muone: namwino akugulitsa zitenje, mlembi wa ku Capital Hill akugulitsa mazira, mkazi wa abusa akugulitsa mpunga wa Kilombero. Tonse tikugulitsana tokhatokha, kulimbirana K500 imodzimodziyo. Mnzanga wina amagula tomato kwa ine mawa lake ine n'kukagula anyezi kwa iye, timaseka kuti ndalama yathu ndi imodzi, imangogona nyumba zosiyana.

Kusunga ndalama nako kwasintha tanthauzo. Kusunga kwacha masiku ano kuli ngati kutunga madzi m'dengu. Ku banki nkhonde yathu timagawana mu Disembala, ndipo chaka chatha amayi ena analandira ndalama zambiri kuposa chaka china chilichonse, koma atapita nazo kumsika anapeza kuti sizikwana zomwe anagula ndi zochepa zija. Ndiye aliyense amene wapeza kanthu akuthamangira kukasandutsa chinthu chogwirika: malata awiri oika pansi pa bedi, thumba la simenti, mbuzi yosungitsa kumudzi, kasola koyatsira nyali. Wina akaona amati anthu ali ndi ndalama, akugula malata. Ayi, akuthawa kwacha.

Kunyumba kwathu nkhani imeneyi sinathe. Ine ndikufuna kuti chipereganyu changa chikandifika nthawi yokolola, ndisawonjezere katundu mu okala, koma ndikagule chimanga ku Mitundu chikadali chotsika, ndithire mankhwala, matumba ena tidye, ena ndidzagulitse mu Januwale. Bambo a ana akuti chimanga chili ndi anankafumbwe ndi akuba, komanso boma likhoza kuletsa kapena kulowetsa china kuchokera ku Zambia ndi ku Tanzania mtengo n'kugwa, tingolira. Iwo akufuna njinga yamoto ya kabaza yoti mphwawo aziyendetsa. Ndawafunsa kuti anthu amene akuyenda wapansiwa akwera liti, ndipo petulo akasowanso njingayo idzamwa chiyani. Ayankha kuti chimanga changacho ndikachisunga kuti, poti chipinda chomwe chinalipo ndinachisandutsa okala. Pamenepo andigwira, ndipo ndayamba kale kufunsa kwa alamu anga ku Kawale ngati sitolo yawo ili ndi malo.